Woyendetsa bwato ali ndi zaka zingati?

Musanapitirire kuwerenga, tayankhani kaye ili. M'bwato muli nkhosa 26 ndi mbuzi 10. Kodi woyendetsa bwatolo ali ndi zaka zingati?

Amene mwati 36, musadzione otsalira, anzanu alipo ambiri. Cha m'ma 1980, akatswiri a kaphunzitsidwe ka masamu ku Grenoble, m'dziko la France, anafunsa ana a pulayimale 97 funso lomweli. Ana 76 anatchula zaka za woyendetsa bwatoyo pogwiritsa ntchito manambala a ziwetozo. Mu Januwale 2018 funsoli linatulukiranso pa mayeso a ana a sitandade 5 ku Nanchong, m'chigawo cha Sichuan ku China. Anthu analusa pa intaneti, ati aphunzitsi akuseweretsa ana. Akuluakulu a zamaphunziro m'boma la Shunqing, ku Nanchong komweko, anayankha kuti analiika dala, pofuna kuona ngati mwana angalimbe mtima n'kulikayikira funso.

Ine ndili mbali ya akuluakuluwo. Mwana amene walemba kuti "zomwe mwandipatsazi sizikukwanira" wachita masamu enieni kuposa mnzake amene waphatikiza nkhosa ndi mbuzi n'kupeza msinkhu wa munthu.

Koma ana aja tisawaseke. Anachita zomwe anawazoloweretsa akulu. Tonse amene tinadutsa m'kalasi tikudziwa malangizo a pafupi ndi mayeso: "Osasiya malo opanda kanthu, lembani kena kake, mwina mungatolepo malikisi." Chaka ndi chaka mwana amakumana ndi mafunso amene nambala iliyonse yolembedwamo ili ndi ntchito, ndipo yankho limakhala limodzi, lili kumapeto kwa buku. Akaona mawu akuti "zonse pamodzi" amaphatikiza, akaona "zatsala" amachotsera. Nkhani ya m'funsomo saimvanso, amangosaka manambala. Ndiye mukam'patsa 26 ndi 10, mukufuna atani? Akachulukitsa apeza 260, munthu safika zaka zimenezo. Akachotsera apeza 16, ameneyo ndi mwana, sangam'patse bwato. Watsala ndi 36, ndipo amalemba mtima uli m'malo. Nzeru zilipo pamenepo, kungoti akuzigwiritsa ntchito posangalatsa aphunzitsi.

Kuyeza ngati zomwe wapatsidwa zikukwanira ndi luso palokha, ndipo limaphunzitsika. Taonani ili. Pakhomo pali nkhuku ndi mbuzi, miyendo yonse ilipo 20. Nkhuku zilipo zingati? Wina anena 8 ndi mbuzi imodzi. Wina 6 ndi mbuzi ziwiri. Wina 4 ndi mbuzi zitatu, winanso 2 ndi mbuzi zinayi. Onsewo akhoza, palibe wolakwa. Ndiye kuti funsoli silinathe kufunsidwa. Wofunsa akangowonjezera kuti mitu ilipo 7, mayankho atatu amagwa, n'kutsala nkhuku 4 ndi mbuzi zitatu. Zosadziwika zinali ziwiri, zimafunanso mfundo ziwiri.

Msampha wina uli apa. Mfundo ziwirizo zisakhale mfundo imodzi yongosintha malaya. Ndikakuuzani kuti mandasi awiri ndi kapu ya tiyi ndi K1,000, kenako n'kuti mandasi anayi ndi makapu awiri ndi K2,000, ndakuuzani chinthu chimodzi kawiri. Mtengo wa tiyi simuupeza ngakhale mutachezera usiku wonse. Timafunso tambiri ta zithunzi za nthochi ndi nsapato tomwe timazungulira m'magulu a WhatsApp timayambanitsa anthu pa zifukwa zoterezi. Abale amafika potukwanana, pomwe wolakwa ndi amene analemba funso, iye ali phee kwinakwake.

Komanso ndisaname, pali ena amene "sizikukwanira" amuyesa pothawira. Funso likangowavuta pang'ono, basi ati n'lolakwika. Amenewa ndimawakumbutsa za tsiku lobadwa la Cheryl. Funso limeneli linachokera pa mpikisano wa masamu wa ana a sekondale ku Singapore, ndipo linafalikira dziko lonse mu Epulo 2015 woulutsa mapulogalamu wina wa pa TV kumeneko ataliika pa Facebook. Cheryl akupatsa anzake awiri, Albert ndi Bernard, masiku 10 oti apezepo tsiku lake lobadwa: Meyi 15, 16 ndi 19, Juni 17 ndi 18, Julayi 14 ndi 16, Ogasiti 14, 15 ndi 17. Kenako Cheryl akunong'oneza Albert mwezi wokha, Bernard tsiku lokha. Albert akuti: sindikudziwa, koma ndikudziwa kuti nayenso Bernard sakudziwa. Bernard akuti: poyamba sindimadziwa, koma tsopano ndadziwa. Albert akuti: basi, nanenso ndadziwa.

Ukaliwerenga koyamba umati anthuwa sananene kanthu. Chonsecho anena zonse. Nambala 18 ndi 19 zikupezeka kamodzi kokha, choncho Bernard akanapatsidwa imodzi mwa izo akanadziwiratu. Kuti Albert alimbe mtima kunena kuti mnzakeyo sakudziwa, ndiye kuti mwezi womwe wauzidwa si Meyi kapena Juni. Bernard atamva zimenezo wadziwa, choncho tsiku lake si 14, chifukwa 14 ali mu Julayi ndi mu Ogasiti momwe. Patsala Julayi 16, Ogasiti 15 ndi Ogasiti 17. Albert akanakhala kuti anauzidwa Ogasiti akanakakamirabe pakati pa masiku awiri. Wadziwa, ndiye kuti ndi Julayi 16. Mawu akuti "sindikudziwa" ndiwo ananyamula yankho lonse.

N'chifukwa chake sindikunena kuti tiphunzitse ana kukana mafunso. Wonena kuti sizikukwanira asonyeze, abweretse mayankho awiri osiyana omwe onse akugwirizana ndi funsolo, ngati nkhuku zija. Wonena kuti zikukwanira asonyezenso kuti njira zina zonse zatsekeka. Ku mayeso a GMAT, omwe amalemba ofuna kukachita maphunziro apamwamba a zamalonda, muli mafunso amene safuna n'komwe kuti upeze nambala. Amakupatsa mfundo ziwiri, iwe unene ngati yoyamba payokha ikukwanira, kapena yachiwiri, kapena zikufunika zonse, kapena ngakhale zonsezo sizikuthandiza. Ngati akuluakulu ofuna kuyendetsa makampani amawayesa zimenezi, chovuta n'chiyani kuti mwana wa sitandade 6 azikumana ndi funso limodzi lotere pa sabata?

Za ku China zija zili ndi mchira wake woseketsa. Munthu wina pa Weibo, tsamba la mchezo la pa intaneti la ku China, anayerekeza kulemera kwa ziwetozo, n'kuyang'ana malamulo a ziphaso zoyendetsera bwato lonyamula katundu wotero, n'kugamula kuti woyendetsayo sangachepere zaka 28. Ndimamusirira khama lake, koma zonsezo anazitenga kunja kwa funso, ndipo zaka zenizenizo sanazipezebe.

Chimene chimandiwawa kwambiri si za m'kalasi. Mwana woyankha 36 uja amakula. Tsiku lina akufuna ngongole ya K100,000, wobwereketsa n'kumuuza kuti chiwongoladzanja ndi 20 peresenti basi. Iye amawerengetsera mwachangu, K20,000, n'kusayina akumwetulira. Sanafunse kuti 20 peresentiyo ndi ya pa chaka kapena pa mwezi. Ikakhala ya pa mwezi, ngongoleyo n'kugona chaka chathunthu, chiwongoladzanja chokha chimafika K240,000, ndipo pamenepo sitinawerengere choberekera pa chinzake monga amachitira akatapila. Kuchulukitsa ankakudziwa bwinobwino. Mphindi yomwe amagwira cholembera ija, panalibe chomuuza m'mutu kuti pa pepalapo pakusowa nambala imodzi.