Ma DJ a ku Mchinji, palibe wakulodzani, nyimbozo zili ndi eni ake

Ndapsa mtima m'mawa uno. DJ wina wa pa Kamwendo amutsekera tchanelo pa YouTube, mamikisi onse apita, ndiye akuzungulira m'magulu a WhatsApp kuti ma DJ anzake a pa boma amuchitira nsanje, akuti ndiwo anakamunenera. Ena ayamba kale kutchula za mankhwala. Achimwene, palibe wakunenerani ndipo palibe wakulodzani. Nyimbo zomwe zinali m'mamikisimo si zanu, eni ake azilondola. Nkhani ndi yomweyo basi.

Si zanu. Kaya munazikopera pa fulashi kwa anyamata a pamsika, kaya munazitenga kwa mnzanu wa ku Chipata, kaya munagula bandulo ndi ndalama zanu n'kuzipanga dawunilodi, si zanu. Chanu ndi luso lolumikiza, ndipo lusolo palibe akulikana. Koma khasu lobwereka silikhala kuthyoka.

Amene amakugwirani si munthu. Ndi makina a YouTube otchedwa Content ID, ndipo alipo kuyambira 2007. Mwini nyimbo amaipereka kumeneko, makinawo amasunga chidindo chake ngati cha chala, kenako vidiyo iliyonse yolowa amaiyerekeza ndi zidindozo. Sagona, sadziwa kuti Kamwendo ili kuti, alibe nanu chifukwa. Mikisi ya ola limodzi imadya nyimbo 25 mwina 30. Nyimbo iliyonse ili ndi umwini pawiri: wa amene anaipeka, ndi wa amene ali mwini wa chojambulidwacho, kaya ndi kampani kaya woyimba amene analipira situdiyo. Ndiye kuti mu ola limodzi lomwelo mwagwira katundu wa anthu mwina 60. Mmodzi yekha akanena kuti yanga isamveke, vidiyo yonse yatsekedwa.

Ndiye mumati mwachenjera, mumalemba pansi pa vidiyo m'Chingerezi kuti nyimbozi si zanga, ulemu upite kwa eni ake. Ameneyo ndi munthu wagwidwa ndi mbuzi ya mwini pa msika wa Mkanda n'kumati musadandaule, ndalemba pachingwe kuti si yanga. Mawu amenewo sateteza munthu. Mwangovomera nokha mlandu. Ena amakweza liwiro ndi 5 kapena 6 peresenti, ena amasintha pitch mpaka woyimba kumveka ngati wameza mluzu, ena amaponya jingo ya dzina lawo mphindi iliyonse. Makina amagwirabe, mwangoononga nyimbo ndi makutu athu. Za masekondi 30 zija, zoti ukadula nyimbo isanakwane masekondi 30 sungagwidwe, ndi bodza la m'magulu. Lamulo lotero kulibe.

Chomwe chikundiwawa n'chakuti tchanelo sichitsekedwa tsiku limodzi. Munthu amachenjezedwa, koma ma DJ athu sasiyanitsa claim ndi strike. Claim ndi ija makina apeza nyimbo ya mwini, ndipo mwiniyo wasankha chimodzi pa zitatu: kuitseka vidiyo, kuikapo malonda ndalama n'kumapita kwa iye, kapena kungoyang'anira kuti ikuonedwa bwanji. Claim sipha tchanelo, olo zikhale 20 pa vidiyo imodzi. Strike ndiye chilombo. Imabwera mwini akalemba pempho lalamulo kuti vidiyo ichotsedwe. Imakhala masiku 90, ndipo kuti ithe muyenera kumaliza kasukulu kawo kaja ka Copyright School. Zikakwana zitatu nthawi imodzi tchanelo chapita, mavidiyo onse apita, ndipo saloleza kutsegula china. Kufufuta vidiyo strike italowa kale sikuichotsa. Pokhapokha ngati mwini wapereka masiku 7 oti muichotse nokha, pamenepo thamangani.

Nanga claim imasanduka bwanji strike? Ndi chala chanu chomwe. Mukuona claim, mtima wakwera, mukudina Dispute, batani lotsutsira claim, n'kusankha kuti ndili ndi chilolezo pomwe mulibe ngakhale uthenga umodzi wochokera kwa mwini. Mwini ali ndi masiku 30 oti ayankhe. Akakana, inu makani, mukudinanso Appeal. Apa m'pamene amatopa nanu n'kulemba pempho lochotsa vidiyo, strike yalowa. Mwadzipalira nokha moto. Mwachita zimenezo pa mavidiyo atatu, kenako mukuti nsanje. Nsanje yanji? Samvam'nkhunga anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Ndipo pali ena akumulangiza DJ wa pa Kamwendo uja kuti atumize counter notification. Mukudziwa n'chiyani chimenecho? Ndi chikalata cha lamulo. Mumalembapo dzina lanu lenileni, adiresi ndi nambala ya foni, zonsezo zimapita kwa mwini nyimbo, ndipo mumalumbira kuti vidiyo inachotsedwa molakwika. Mwiniyo amapatsidwa masiku 10 ogwira ntchito kuti aonetse kuti wakutengerani kukhoti. Chinthu chimenecho ndi cha munthu amene nyimbo ndi yakedi. Si cha DJ amene wadzaza amapiano a ku South Africa ndi nyimbo za ku Lagos mu ola lathunthu.

Wina wati koma ine ndinalipira ku COSOMA, bungwe loona zaumwini wa luso muno m'Malawi. Mwachita bwino, pitirizani, lamulo la zaumwini wa luso la 2016 likufuna zimenezo. Koma laisensi imeneyo ndi yoti muziimba pagulu muno m'Malawi, pa ukwati ku Kapiri, pa chinkhoswe, m'bala. Si chilolezo chokopera nyimbo za anthu n'kuziika pa intaneti kuti dziko lonse lizimvera, ndipo makina a YouTube risiti yanuyo saiona. Pa Facebook n'chimodzimodzi, kuli makina awonso otchedwa Rights Manager. Mumaona vidiyo ikuyenda, DJ akugwedeza mutu, mawu zii. Live imangoduka pakati anthu akuvina, ndipo mukamabwereza amatseka peji.

Njira yake si yovuta ayi, ndi ulesi chabe. Mikisi musaiponye poyera tsiku loyamba. Ikani kaye pa Private, ndipo poyesapo musamalize bandulo ndi vidiyo yolemera: chithunzi chimodzi ndi mawu, pa 360p, zakwana. Dikirani gawo la Checks, pomwe YouTube imafufuza ngati muli nyimbo za eni, limalize, osalidumpha. Kenako lowani mu YouTube Studio, pa Content, muone pomwe palembedwa Copyright. Amakuonetsani nyimbo iliyonse yagwidwa, kuyambira mphindi yakuti mpaka yakuti, ndi zomwe mwini wasankha. Ikakhala ya malonda chabe, isiyeni, mwini adye zake, inu mupeze dzina ndi maoda a maukwati. Ikakhala yotsekedwa, onani kuti ndi m'mayiko ati, chifukwa pena kuno ikuseweredwa bwinobwino koma achibale a ku Johannesburg amene mumawadalira sakuiona. Yotsekedwa paliponse ichotseni. Mu Studio momwemo muli podulira chigawo chogwidwacho, koma pamadumpha moipa pomwe munalumikiza, ndiye bwererani ku pulogalamu yanu yolumikizira nyimbo, Virtual DJ kapena Serato, muikepo nyimbo ina, mujambulenso. Lembani m'kope nyimbo zonse zotseka kuti mawa musadzabwerezenso. Ndipo dziwani kuti kudutsa lero si kudutsa mpaka kale, mwini atha kusintha maganizo patapita miyezi.

Sungani mikisi iliyonse pa hard drive yanu. Ola limodzi pa 320 kbps ndi 144 MB yokha. Munthu zaka zonsezi kumasungira ntchito yake m'nyumba ya eni, laputopu n'kumaifufuta kuti mulowe mafilimu, lero akulira. Ndani wakulodza pamenepo? Webusaiti ya Mixcloud ilipo, inapangidwira mamikisi, ili ndi mapangano ndi makampani a nyimbo ndipo imalipira eni ake. Ili ndi malire ake, simungadzaze nyimbo za woyimba mmodzi, ndipo anthu athu ambiri sanaizolowere. Ndiye ikani yathunthu kumeneko, pa Facebook muzingoponya linki. Inde, mabandulo ndi odula ndipo palibe amaphunzitsa ma DJ zinthuzi, koma machenjezo aja amabwera pa imelo yanu, kuwerenga n'kwaulere.

Inunso oyimba a kuno musaseke. Mumatumiza nyimbo pa WhatsApp usiku, adha tipushireni, DJ n'kuiika m'mikisi mwaulere. Mawa lake claim yabwera m'dzina lanu, chifukwa munaipereka ku DistroKid kapena TuneCore, makampani ogawa nyimbo pa intaneti, n'kudina kuti Content ID iziyang'anira. DJ akakuimbirani mukuti sindikudziwa, ndi za azungu zimenezo. Mukudziwa. Lemberani amene akukugawirani nyimboyo achotse claim, kapena mufunse ngati angaike tchanelo cha DJ pa mndandanda wa ololedwa. Ndipo muyambe mwatiuza kuti biti ija munaitenga kuti, chifukwa ena mwa inu munaitola yaulere pa YouTube pomwepo, anthu khumi anaimbirapo kale, inu n'kukailembetsa ngati yanu.