Chuma cha Ayuda si chinsinsi, ndi malamulo a sikelo, ganyu ndi ngongole

Mauthenga a "zinsinsi khumi za Ayuda zolemerera" akuyenda kwambiri pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo ine amandiwawa mtima. Ndi bodza kuti Myuda aliyense ndi mpondamatiki. Ayuda ochuluka a m'matauni ang'onoang'ono a ku Poland ndi ku Russia anali atelala, osoka nsapato ndi oyenda ndi malonda kumsana, anthu ovutika ndithu. Amene ankakongoza ndalama ku Ulaya kalelo anakankhidwira ku ntchitoyo chifukwa m'madera ambiri sankaloledwa kukhala ndi minda kapena kulowa m'magulu a amisiri, ndipo mbiri yoti ali ndi ndalama inawaphetsa. Ku York, mzinda wa ku England, mu 1190, achiwembu atathana ndi Ayuda a mumzindawo anathamangira kukawotcha zikalata za ngongole zomwe iwowo anali nazo kwa Ayudawo. Mawu oti Ayuda onse ndi olemera, ngakhale mukuwanena moyamikira, ali ndi magazi kumbuyo kwake.

Chomwe chilipodi ndi malamulo a malonda a mu Mishnah, buku la malamulo achiyuda lomwe linasonkhanitsidwa cha m'ma 200 AD, ndi mu Talmud, mabuku ofotokozera Mishnahyo omwe anadza pambuyo pake. Aphunzitsi achiyuda anatenga mavesi omwe ifenso timawerenga mu Levitiko ndi Deuteronomo n'kuwafunsa mafunso a pamsika. Kudyera wogula masuku pamutu kumayambira pa ndalama zingati? Waganyu alandire liti? Mpamba ukatha, aluze ndani? Mmodzi wa iwo, Rava, anaphunzitsa kuti munthu akafika pa chiweruzo cha Mulungu, funso loyamba ndi lakuti kodi unachita malonda mokhulupirika. La kuphunzira malemba limabwera lachiwiri.

Tiyambe ndi sikelo. Levitiko 19:36 amangoti miyeso ikhale yoona. Mishnah imaika ndandanda: wopikulitsa atsuke miyeso yake kamodzi pa masiku 30, wogulitsa m'sitolo atsuke kawiri pa sabata, apukute miyala ya sikelo kamodzi pa sabata, ndipo mbale ya sikelo aipukute nthawi iliyonse akamayeza. Chifukwa chake n'chooneka ndi maso. Mafuta kapena vinyo amakanirira pansi pa muyeso, n'kuumirapo, ndipo wogula wa mawa amalandira zoperewera ngakhale wogulitsa sanakonze zomubera. Pothira zamadzimadzi n'zoletsedwa kuthira motulutsa thovu, poti thovu limadzaza muyeso msanga kenaka n'kuphwa. Wogulitsa amauzidwa kuti sikelo ipendekere pang'ono kwa wogula, apo ayi aikepo banyira. Muyeso woperewera suloledwa n'kusungidwa m'nyumba komwe, ngakhale mutati mwausandutsa chokodzeramo usiku, chifukwa tsiku lina wina adzautola n'kuyezera. Rabi Levi anafika ponena kuti chilango cha miyeso yachinyengo chimaposa cha chigololo, ndipo omasulira anafotokoza kuti wobera anthu pa sikelo sadziwa onse amene anawabera, ndiye abweza kwa yani? Venda amene wafinya ndowa pansi pogulitsa chimanga, kapena wapotoza sikelo pogula soya kwa mlimi, ali ndi ngongole kwa anthu oti mayina awo sanawalembe paliponse.

Lamulo la mtengo ndi lomwe ndimalikonda koposa, chifukwa lili ndi nambala. Malire ake ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a mtengo wa pamsika. Tiyerekeze kuti katundu akuyenda pa K6,000. Mukagulitsa pa K6,500, malonda atheka, poti aliyense amadziwa kuti mitengo imasiyana pang'ono. Mukagulitsa pa K7,000 mwafika pa malire enieni: katundu akhale kwa wogula, koma K1,000 ija mubweze. Mukagulitsa pa K8,000, wogula ali ndi ufulu wothetsa malondawo n'kutenga ndalama zake zonse. Nthawi yodandaula ndi yochepa, yongokwanira kukaonetsa katunduyo kwa wamalonda wina kapena kwa wachibale wodziwa mitengo. Akaichedwetsa, wavomereza. Lamulo lomweli limatetezanso wogulitsa amene wanyengedwa n'kugulitsa motchipa, ndipo iye nthawi yake siithera msanga chifukwa katunduyo alibenso m'manja kuti akaonetse. Koma dziwani kuti kukhululuka kwa gawo laling'ono kuja n'kwa mtengo wokha. Cholakwika cha kulemera, muyeso kapena chiwerengero chimabwezedwa ngakhale chichepe bwanji.

Lamuloli sililetsa phindu. Mukanena poyera kuti "katundu uyu pamsika ndi K6,000, koma ine ndikufuna K9,000", wogula n'kuvomera, mulibe mlandu. Choletsedwa ndi kudyera pa kusadziwa kwa mnzanu. Mumzinda wa Lod, Rabi Tarfon anakweza malire aja kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu, amalonda n'kusekerera. Atawauza kuti tsono wogula akhala ndi tsiku lathunthu lobwezera katundu, anapempha okha kubwerera ku lamulo lakale. Anawerengera n'kuona kuti katundu wobwerera madzulo amapweteka kuposa phindu lochepa.

Pa chinyengo cha maso, mawu ndi achidule. Osasankha nyemba zoipa pamwamba pokha pa mulu n'kusiya zinyalala pansi. Osapaka utoto chiwiya chakale kuti chioneke chatsopano. Mphunzitsi wina, Shmuel, anaonjezera kuti kunyenga maganizo a munthu n'koletsedwa ngakhale munthuyo asali Myuda. Wogula nayenso ali ndi lake: usafunse mtengo pamene ulibe cholinga chogula, chifukwa ukudzutsa chiyembekezo cha wogulitsa pachabe. Kutsitsa mtengo kapena kupatsa ana mtedza kuti azibwera pa sitolo yako, Rabi Yehuda ankakana, koma aphunzitsi anzake analola, ndipo za wotsitsa mtengo anati akumbukiridwe pa zabwino.

Za waganyu, Deuteronomo 24:15 amati mumlipire tsiku lomwelo. Mishnah imati wogwira usana ali ndi usiku wonse wotsatira kuti alandire, wogwira usiku ali ndi usana wonse. Akadandaula mkati mwa nthawiyo kuti sanalandire, amalumbira n'kupatsidwa, chifukwa bwana wa antchito ambiri ndiye amasokoneza, pamene waganyu saiwala malipiro ake. "Ubwere Lachisanu" amene timawauza anthu olima m'minda mwathu, uku ndalama tili nayo m'thumba, pa lamulo limeneli ndi tchimo, osati kachedwedwe wamba. Wantchito nayenso samasulidwa. Maimonides, mphunzitsi ndi dokotala amene anamwalira ku Egypt mu 1204, analemba kuti munthu asachezere pa ntchito yake usiku kenaka mmawa n'kukadzilembetsa ganyu ali wolefuka, poti akugulitsa mphamvu zomwe alibe.

Kodi zonsezi zimalemeretsa? Osati nthawi zonse, ndipo sindikufuna kukunamizani. Aaron Feuerstein, Myuda wopembedza, mwini fakitale ya nsalu ya Malden Mills ku Massachusetts, ku America, fakitale yake itapsa mu Disembala 1995 anapitiriza kulipira antchito pafupifupi 3,000 kwa miyezi ingapo ntchito itaima, n'kumanganso pomwepo. Mu 2001 kampaniyo inagwa ndi ngongole, ndipo pambuyo pake inachoka m'manja mwake. Kwa ine anachita bwino ndithu, koma amene akukuuzani kuti chilungamo ndi njira yachidule yopezera mamiliyoni sakudziwa nkhani imeneyi.

Malangizo enieni a kasungidwe ka chuma alipo, ndipo ndi a mzere umodzi. Rabi Yitzchak anati munthu agawe ndalama zake patatu: gawo lina mu malo, lina mu katundu wa malonda, lina likhale m'manja. Gawo lililonse limatchinga dzenje la linzake. Malo saola koma sagulitsika tsiku la maliro. Katundu amabala phindu koma amaola, amabedwa, mtengo umagwa. Ndalama ya m'manja imakupulumutsani kuti musagulitse katundu motaya mwana akadwala, koma imasungunuka, monga anaonera onse amene anali ndi makwacha okhaokha pamene ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ngakhale chopereka chili ndi denga: chakhumi ndi mwambo, koma aphunzitsi atakumana m'tauni ya Usha ku Galileya analamula kuti munthu asapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu, kuopa kuti mawa angakhale wopempha iyeyo.

Chomaliza ndi ngongole. Myuda saloledwa kulandira chiwongoladzanja kwa Myuda mnzake, choncho mpamba umayenda kudzera m'pangano lotchedwa iska. Mwini ndalama akapereka K1,000,000, theka limawerengedwa ngongole, theka linalo ndi ndalama yosungitsa yomwe ikadali yake. Bizinesi ikapindula K300,000, aliyense atenga K150,000. Ikaluza K200,000 popanda kusasamala kwa woyendetsa, aliyense asenza K100,000, ndipo woyendetsayo abweza K900,000. Palinso mfundo yomwe ambiri amaiphonya: woyendetsa ayenera kulandira malipiro a thukuta lake, kapena gawo lokulirapo la phindu, chifukwa akagwirira ntchito theka la mwini ndalama kwaulere, ntchitoyo yasanduka chiwongoladzanja chobisika. Mabanki a ku Israel amagwiritsa ntchito chikalata cha mtundu umenewu mpaka lero, ngakhale ndinene mosabisa kuti momwe chimalembedwera masiku ano, umboni wa kuluza ndi wovuta kwambiri moti pamapeto pake zimafanana ndi chiwongoladzanja wamba. Koma maziko ake amasiyana kutali ndi katapila, komwe wokongoza sadziwa n'komwe ngati tomato wanu anaola. Kwa osauka enieni, Ayuda ali ndi mabungwe okongoza popanda chiwongoladzanja, monga Hebrew Free Loan Society ya ku New York yomwe inayamba mu 1892. Izi zikugwirizana ndi zomwe Maimonides analemba, kuti thandizo lapamwamba kuposa onse ndi kukongoza munthu, kulowa naye m'bizinesi kapena kumpezera ntchito asanagwe.

Mukafuna kuyesa pangano lotere ndi mbale wanu, musalichite pakamwa. Talmud imati wokongoza popanda mboni waika chopunthwitsa patsogolo pa wakhungu, chifukwa wamuika mnzake m'mayesero okana ngongole. Lembani ndalama zonse, gawo la ngongole, gawo losungitsa, malipiro a woyendetsa, tsiku lowerengera, ndi umboni womwe udzafunike katundu akadzabedwa kapena kuwonongeka. Musaine nonse awiri pamaso pa mboni ziwiri zosakhala achibale anu, aliyense asunge pepala lake.