Makina a DNA tisonkherane ngati za maliro

Lamlungu titamaliza kusonkha za sosaite yathu ya maliro ku Mufakose mu Harare, mwana wa achemwali anga amene akuphunzira za DNA (zam'thupi zimene timatengera kwa makolo) anandionetsa chithunzi pafoni. Makina odula owerengera DNA ali pakona, ataphimbidwa ndi nsalu ngati wailesi ya agogo. Ndinafunsa kuti bwanji akungokhala. Iye akuti, "Malume, mankhwala ake anatha kalekale, wodziwa kuwakonza ali kunja. Magetsi akathima nthawi yaitali, za mufiriji timangotaya."

Zandikhala pamtima mpaka lero.

Anthu tonse tinachokera muno mu Africa, ndipo kusiyanasiyana kwa DNA kuno n'kochuluka kuposa kwina kulikonse. Koma taonani. Chigaza chimene chinapezeka ku Kabwe mu 1921 chikadali ku London. Mu 2017 akatswiri anafalitsa zimene anapeza m'mafupa akale a kuphiri la Hora ku Mzimba, ku Fingira ku Nyika ndi ku Chencherere ku Dedza, ena a zaka pafupifupi 8,000. Anapeza kuti alenje akale aja, amene amandikumbutsa Akafula a m'nthano za agogo, magazi awo sakuoneka kwenikweni mwa Amalawi a lero. Nkhani yathu yeniyeni imeneyo, koma DNA yake anakaiwerengera kutsidya kwa nyanja, ife n'kumva pambuyo ngati alendo.

Nzeru sizikusowa ayi. Sikhulile Moyo, mwana wa muno mu Zimbabwe, anali m'gulu loyamba kuzindikira Omicron, mtundu wa kachilombo ka COVID-19, mu Novembala 2021 ali ku Botswana, kumene makina ankagwira ntchito tsiku ndi tsiku.

Maganizo anga ndi akuti sukulu iliyonse isamalimbane n'kugula makina akeake. Harare, Lusaka ndi Lilongwe asonkherane, labu ikhale imodzi yolimba, wophunzira aliyense azilembetsa tsiku lake. Ndipo ndalama zambiri zisathere pa makinawo. Zipite ku sola ndi jenereta, ku mankhwala amene amatha mwezi ndi mwezi, ku malipiro a munthu wokonza wokhala pompano. DNA ya m'mafupa akale imafunanso chipinda chotetezedwa kwambiri, chifukwa thukuta la wogwira fupalo likhoza kusokoneza zonse. Zimenezi akuluakulu sazikonda, paja jenereta sadulirapo riboni.

Ndikudziwa ena muti, nanga kiyi asunga ndani? Mikangano ibwera, inde. Ifenso kusosaite tinakanganapo za mapoto aakulu ndi tenti, mpaka amayi ena anasiya kupatsana moni. Tinagula kope, wobwereka amasaina, wobweza mochedwa amalipira. Mapotowo tikuphikirabe nsima pamaliro alionse.

Mphwanga uja ndamuuza abwere Lamlungu likudzali adzaone kope lathulo.