Lekani kumata adyo ndi nkhadze pakhungu la ana

Ana anga, amayi ndi abambo a masiku ano, tamverani. Khalidwe loti mukaona kanema pa WhatsApp kapena pa TikTok basi mwathamangira kumata zitsamba pathupi la mwana, lithe. Sitikukana kuti m'mitengo muli mankhwala, ife tinakulira momwemo. Koma amene ankatipaka ankadziwa muyezo, ndipo ankadziwa mtengo woti suyandikira bala.

Taonani za adyo. Mwana watuluka chipere m'mutu, mayi asinja adyo, amata, amanga kansalu, ati agone nako. Mwana akulira usiku wonse, wina n'kumati ndiye kuti mankhwala akugwira. Ayi! Adyo akasinjidwa amatulutsa mankhwala otchedwa allicin. Amaphadi tizilombo, koma sasankha, amawononganso maselo a khungu. Kutacha mukamasula kansalu mupeza matuza, khungu lafiira psuu, mwana wapsa popanda moto. Chipsera chake chikhoza kukhala mpaka kukula, chipere chija chilipobe.

Nkhadze ndiye musayerekeze n'komwe. Utomoni wake woyera uja ena akudonthezera pa njerewere. Umatupitsa khungu, ndipo mwana akaugwira n'kutikita m'maso akhoza kukhala masiku osaona.

Alovera amathandiza, koma pamalo pake. Madzi oterera a m'kati mwa tsamba amaziziritsa pamene papsa pang'ono, khungu lisanatseguke. Madzi achikasu otuluka pansi pa khungwa lake amayabwa, si opaka. Ndipo bala lakuya, lotseguka, si la alovera wothyola kuseri kwa bafa ndi mpeni wodulira nsomba.

Mudziwenso kuti bala likafiira ndi kutupa pang'ono masiku oyamba, ndi thupi likugwira ntchito yake. Magazi akubweretsa maselo oyera kudzapha tizilombo ndi kuchotsa zakufa kuti mnofu watsopano umere. Inu mukamata masamba otafuna, phulusa, dothi, kaya ndowe, mukulowetsa tizilombo tina, kuphatikizapo ta kafumbata. Kutupa kukamafalikira, mafinya akutuluka, bala likununkha, thupi latentha, pamenepo si pofunsa anzanu a pagulu la WhatsApp. Nyamulani mwana.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi ana opsa ndi phala kapena mbaula, makamaka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. M'malo mothira madzi, anthu ali kalikiliki kufuna dzira, mafuta ophikira, mankhwala otsukira mano. Thirani madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, phimbani ndi nsalu yoyera, matuza musaboole, pitani kuchipatala. Anamwino asamayambe ndi kupala zimene mwamatazo mwana akukuwa.

Nanunso akuluakulu anzanga odwala shuga, kabala ka kuphazi musakamange masamba n'kukabisa m'sokosi. Mapazi anu nthawi zina samva ululu bwino, kakhoza kudya mpaka fupa inu osadziwa. Kaonetseni kuchipatala lero lomwe.