Magetsi ophethira okha sakwanira pomwe sitima yakale ikudumpha msewu

Okonda sitima zakale za nthunzi mundikhululukire, koma ndinena. Sitima yoyenda pang'onopang'ono, yooneka mwa apo ndi apo, ndi imene imapusitsa kwambiri woyendetsa galimoto pamalo pomwe msewu umadumpha njanji. Pamalo otere magetsi ofiira ongophethira, opanda geti kapena munthu wa mbendera, kwa ine ndi osakwanira.

Tiyambire ku Britain, komwe mwambo wosunga sitima zakale unakhazikika. Njanji ya Talyllyn ku Wales inayamba kuyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka mu 1951, ya Bluebell inatsatira mu 1960, ndipo lero zilipo zambirimbiri. Zochuluka siziloledwa kupitirira mamailosi 25 pa ola, omwe ndi makilomita 40. Limeneli ndi liwiro la minibasi yosakasaka anthu m'tauni. Munthu ali pa chiwongolero akaona utsi uli tolotolo chapatali, ana akubayibitsa m'mawindo, mumtima amangoti, "Agogowa asanafike ndikhala nditadutsa."

Ku Kent, ku England, kuli kanjanji kotchedwa Romney, Hythe and Dymchurch, kotsegulidwa mu 1927. Mpata wa pakati pa zitsulo zake ndi mainchesi 15 okha, ndipo injini zake n'zazifupi kuposa munthu wamkulu ataimirira. Ukaziona umangoti n'zoseweretsa ana. Mu Ogasiti 2003 galimoto inawombana ndi imodzi mwa sitimazi podumphira msewu, injini inagubuduka, woyendetsa sitima n'kufa. Mu Julayi 2005 zomwezo zinachitikanso pamalo ena, woyendetsa sitima wina n'kufanso. Malo onse awiri anali ndi magetsi koma opanda chotchinga, ndipo pambuyo pake eni njanjiyo anayamba kuika zitsulo zotchinga msewu. Muone kuti pasitima yaing'ono chonchi, wofa sakhala wa m'galimoto yekha.

Nanga bwanji sitima yoyenda pa 40 singoima? Gudumu lachitsulo limakhudza njanji pa kamalo kofanana ndi kandalama kachitsulo. Njanji ikauma, kugwirana kwa zitsulo ziwirizi kumakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mmene tayala limagwirira phula. Pakagwa kamvula kowaza, mame, mafuta kapena masamba opondedwa, kugwiranako kumatsika mpaka magudumu amangotsetsereka. Tiwerengere limodzi. Makilomita 40 pa ola ndi mamita 11 pa sekondi iliyonse. Sitima ya mabogi angapo ikamatsitsa liwiro ndi theka la mita pa sekondi m'sekondi iliyonse, ifunika mamita opitirira 120 kuti iime. Onjezani masekondi anayi kapena asanu oti woyendetsa aone, agwire chogwirira cha buleki, buleki ifike kubogi yomaliza: mamita ena 50. Galimoto yaing'ono paliwiro lomwelo, paphula louma, imaima mkati mwa mamita 25. Ndiye wa galimoto amayeza sitima ndi muyeso wa galimoto yake, n'kulakwitsa kasanu ndi kawiri.

Mabuleki a sitima zambiri zakale ndi a vacuum. Injini ili ndi kachida kotchedwa ejector, kamene kamagwiritsa ntchito nthunzi kuyamwa mpweya m'paipi yodutsa pansi pa mabogi onse, mpaka singano ya geji ifike pa mainchesi 21 (kampani yakale ya Great Western inkakonda 25). Paipi ikakhala yopanda mpweya, mabuleki amamasuka. Woyendetsa akalowetsa mpweya, pisitoni ya pansi pa bogi iliyonse imakwera n'kukanikiza zitsulo za buleki kumagudumu. Ubwino wake ndi woti sitima ikaduka pakati, paipi imathothoka, mpweya n'kulowa, zidutswa zonse ziwiri n'kuima zokha. Lamulo lokakamiza mabuleki odzigwira okha pasitima za anthu linabwera mu 1889, anthu 80 atafa ku Armagh, ku Ireland, pamene mabogi anabwerera chambuyo pamtsetse. Kuipa kwake ndi kuchedwa: mpweya umayenera kuyenda bogi ndi bogi, ndiye yakumbuyo imagwira mochedwa, ndipo kumasula kumatenganso nthawi.

Zimene zimavuta n'zazing'ono. Paipi ya labala yolumikiza mabogi imang'aluka ndi dzuwa. Mphete ya labala ya m'kati mwa silinda imapotoka kapena kutha, buleki ya bogi imeneyo n'kumagwira mwaulesi. Zitsulo zokanikiza gudumu zimadyeka, ndipo ngati sanazikokere pafupi, pisitoni imafika kumapeto isanakanikize mokwanira. N'chifukwa chake sitima isananyamuke gadi, yemwe ndi woyang'anira sitimayo, amapita kubogi yomaliza, n'kutsegula paipi, kuti atsimikize kuti singano ya kuinjini yagwa ndipo mabuleki agwira mpaka kumchira. Wodumpha ntchito imeneyi chifukwa alendo atopa kudikira ndi munthu woti asayandikirenso sitima. Palinso mchenga. Injini imanyamula mchenga wouma wothira panjanji patsogolo pa magudumu, koma ukangonyowa umaundana m'kapaipi, ndipo woyendetsa amadziwa tsiku lomwe akuufuna kuti sukutuluka.

Tsopano khalani m'malo mwa woyendetsayo. Patsogolo pake pali boyila yaitali ngati basi. Iye amaonera pa kawindo ka mbali imodzi, mbali inayo saiona n'komwe. Maso a mbali imeneyo ndi wothira malasha. Ndiye lamulo labwino la m'injini ndi loti poyandikira msewu fosholo iikidwe pansi, chitseko cha ng'anjo chitsekedwe, wothira malasha asuzumire panja n'kunena mokweza kuti mbali yake kuli bwino. Usiku izi zimaposa apa, chifukwa munthu amene wangoyang'ana moto woyera wa m'ng'anjo amakhala ngati wakhungu kwa kanthawi. Woyendetsa akatseka nthunzi potsetsereka, utsi sukweranso m'mwamba, umagwera pawindo. Akatsegula timipopi tochotsa madzi m'masilinda, kutsogolo konse kumachita mbuu. Ndipo njanji zambiri zakale zilibe potembenuzira injini, ndiye ulendo wobwerera imayenda chafutambuyo, ngolo ya malasha ndi madzi ili patsogolo, fumbi la malasha likulowa m'maso. Injini za Garratt, monga zomwe zinachokera ku South Africa n'kumakoka sitima za Welsh Highland Railway, zili ndi thanki yamadzi patsogolo pa boyila, ndiye mphuno yake imafika pamsewu woyendetsa akadali kutali.

Chimene chimandichititsa kukayikira magetsi okha ndi ichi. Magetsi a podumphira amayatsidwa ndi sitima yomwe. Njira yofala ndi kuyendetsa kamphamvu kochepa ka magetsi m'zitsulo ziwiri za njanji. Magudumu ndi ekiselo (chitsulo cholumikiza magudumu awiri) zikalumikiza zitsulozo, makina amadziwa kuti sitima yafika. Pa njanji yodutsa sitima tsiku lililonse pamwamba pa chitsulo pamawala, zonse zimayenda. Koma njanji ya sitima ya Loweruka ndi Lamlungu, kapena yotsekedwa nyengo yonse yozizira, imachita dzimbiri, ndipo dzimbiri sililola magetsi kudutsa bwino. Mchenga wothiridwa mochuluka ndi masamba zimachitanso chimodzimodzi. Kangolo kopepuka ka okonza njanji kangathe kufika pamsewu makina osakamva. Amisiri amathana nazo poika kachitsulo kopondedwa ndi gudumu, komanso ku Britain pamalo ambiri otere pali nyali yoyera yophethira yoyang'ana kwa woyendetsa sitima, yomuuza kuti magetsi a kumsewu ayaka. Ikapanda kuphethira, ayenera kuima asanafike pamsewu. Zabwino ndithu. Koma zonsezi zikuteteza ku makina ofa, sizikuteteza ku munthu amene wadutsapo kambirimbiri osaonapo sitima, amene dzuwa la m'mawa likumuthobwa m'maso, kapena amene waona magetsiwo n'kuponda moto. Magetsi amapempha, geti limakaniza.

Akale anali nayo nzeru. Lamulo la ku Britain la mu 1839 linalamula kuti pomwe njanji ikudumpha msewu waukulu pakhale mageti ndi mlonda wake. Pambuyo pake anamangirira geti ku signal, chizindikiro chouza woyendetsa sitima kuti aime kapena apite: mageti akapanda kutsekedwa kumsewu n'kukhomedwa, chogwirira cha signal sichisuntha ngakhale mukoke awiri. Signal ikangotsegulidwa, mageti nawo satheka kutseguka mpaka ibwezedwe. Munthu angathe kuiwala, koma chitsulo chokhomacho sichimulola kuti kuiwalako kuphe anthu. Pomwe palibe mlonda, njira ndi yapafupi: sitima iima pachikwangwani chisanafike msewu, gadi kapena wothira malasha atsika ndi mbendera yofiira, usiku nyali, aimitsa magalimoto mbali zonse ziwiri ataima pambali poti angathe kuthawa, osati pakati pa njanji. Akatseka, apereka chizindikiro, injini iliza mluzu, n'kudutsa pa liwiro la munthu woyenda pansi. Msewu sutsegulidwa mpaka bogi yomaliza, yokhala ndi nyali yofiira kumbuyo, itatuluka. Ndi mphindi zitatu kapena zinayi. Kwa sitima ya katundu yothamangira doko imeneyi ndi ndalama, koma sitima ya alendo odzaona malo ikuthamangira kuti?

Ena anena kuti chotchinga nachonso anthu amachizemba, ndipo sakunama. Pa 25 Ogasiti 2010 ku Blackheath, ku Cape Town, minibasi yonyamula ana asukulu inapitirira magalimoto oima n'kuzemba chotchinga, ana 10 n'kufa. Vuto la chotchinga cha theka la msewu ndi lomwelo: chimasiya mpata kuti wotsekeredwa atuluke, ndipo mpata womwewo ndi umene wopupuluma amalowera. Ndiye pomwe pali munthu woyang'anira, tsekani msewu wonse.

Palinso phunziro la ku Hixon, ku England, pa 6 Januwale 1968. Pamalopo panali zotchinga zodzitsekera zokha, zopereka masekondi 24 sitima yothamanga isanafike. Chilole chonyamula transformer ya matani 120, chotalika mamita 45, chinkadutsa pa mamailosi awiri pa ola, apolisi akuchiperekeza. Chinkafunika pafupifupi mphindi yathunthu. Palibe amene anaimbira foni woyang'anira masignal. Sitima yochokera ku Manchester kupita ku London inachiwomba, anthu 11 n'kufa. Kuyambira pamenepo zikwangwani zouza oyendetsa zimagalimoto zazitali ndi zochedwa kuti ayambe aimba foni zinalembedwa momveka. Masamu ake amagwiranso kuno. Thiraki ya mamita 22 yodzaza, yonyamuka itaima, iyenera kuyenda mamita pafupifupi 30 kuti mchira wake uchoke panjanji, ndipo zimenezi zingatenge masekondi 14 kapena kuposa. M'nthawi imeneyo sitima ya pa 40 yayenda mamita oposa 150, ya pa 60 yayenda oposa 230. Ngati udzu, chimanga, chigayo kapena mashedi a malonda akubisa njanji pamtunda wochepera apo, dalaivala angathe kuima, kuyang'ana, kumvetsera, n'kuwombedwabe popanda kulakwa. Chikwanje chodula tchire m'mbali mwa podumphira chimapulumutsa anthu ambiri pamtengo wochepa, koma ndi ntchito imene imaiwalika mvula ikangoyamba.

Kwathu kuno injini za nthunzi zinapuma kalekale. Ziwiri zoyambirira za Shire Highlands Railway, njanji yomwe inafika ku Blantyre mu 1908, zinasungidwa: Thistle pasiteshoni ya Limbe, Shamrock kunyumba yosungira zakale ku Chichiri. Ku Livingstone, ku Zambia, Royal Livingstone Express yakhala ikunyamula alendo ndi injini ya nthunzi. Koma matenda a "sitima siidutsa kuno" tili nawo, chifukwa mbali zina za njanji yathu zimakhala nthawi yaitali zili zii, kenako sitima n'kutulukira. Ndipo za malasha zochokera ku Moatize kudzera pa Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi kupita ku Nacala zimakoka mabogi oposa 100. Zimenezo musaziyerekeze n'komwe ndi masamu a mabogi angapo aja.

Mpata wa njanji yathu ndi mamilimita 1,067, koma bogi ndi yotambalala pafupifupi mamita atatu, ndiye imasefukira mita yathunthu mbali iliyonse. Wogulitsa tomato m'mphepete mwa chitsulo, kapena wojambula amene maso ali pafoni, ali m'njira ya sitima ngakhale sakuponda njanji. Wa galimoto aime mamita osachepera asanu, atsitse galasi, azimitse wailesi, alowe ndi giya imodzi osasintha ali pamwamba, ndipo asalowe ngati kutsidya kulibe malo okwana galimoto yonse. Pomwe pali njanji ziwiri, sitima ikadutsa dikirani muone ngati siikubisa inzake. Akabaza ndi a njinga zamoto, kampata ka m'mbali mwa chitsulo komwe mumadutsa mlomo wa gudumu la sitima kamameza tayala lopyapyala. Dumphani molunjika, osati mopendekera, ndipo ngati mwanyamula munthu kapena matumba, tsikani mukankhe. Wa ngolo atsike agwire ng'ombe kumutu, chifukwa mluzu ukalira zimatha kuima njii pakati penipeni.

Galimoto ikakuzimirani panjanji sitima ikuoneka, musalimbane ndi kiyi. Tulutsani anthu onse, katundu musiye, ndipo thawirani mbali imene sitima ikuchokera, mukupatuka kutalikira njanji, chifukwa zidutswa za galimoto zimaulukira komwe sitima ikupita.