Musamuyankhulire Gilgamesh pomwe phale linasweka

Pakangodutsa miyezi ingapo, kavidiyo kena kamabwereranso m'magulu a WhatsApp, konena kuti nkhani ya Nowa inabedwa ku Babylon. Basi mpungwepungwe. Uyu akuti Baibulo lagwidwa, uyo akuti ndi za Satana, musatsegule n'komwe. Ine ndikamvetsera ndimaona kuti onsewa akulimbana pa nkhani yomwe anaimva m'kamwa mwa munthu wina, amenenso anaitola kwa womasulira, amene naye ankagwira ntchito ndi mapale osweka. Nthano za ku Mesopotamia, dera lakale lomwe kunali Babylon, zinatifika zili ndi mipata, ndipo vuto la ife owerenga a lero ndi kuthamangira kutseka mipatayo ndi zam'mutu mwathu.

Mapalewo ndi adongo, olembedwa podinda kabango dongo likadali lonyowa. Ambiri a nkhani ya Gilgamesh, mfumu ya mzinda wa Uruk, anali m'nyumba ya mabuku ya mfumu Ashurbanipal ku Nineveh, tsidya lina la Mosul ku Iraq. Mzindawo unawonongedwa mu 612 BC, mapale n'kukwiririka ali zidutswazidutswa. Cha m'ma 1850 Austen Henry Layard ndi Hormuzd Rassam anawafukula n'kuwatumiza ku British Museum ku London. Kumeneko mu 1872 George Smith, amene anayamba ntchito yozokota zodindira ndalama zapepala ali ndi zaka 14 n'kudziphunzitsa yekha zilembozi, anawerenga pa chidutswa china cha nkhani ya Gilgamesh za chingalawa chomwe chinatsakamira paphiri ndi munthu akutulutsa nkhunda. Pa 3 December chaka chomwecho anakawerenga poyera, nduna yaikulu ya Britain, William Gladstone, ili pomwepo. Nyuzipepala ya Daily Telegraph inamulipirira ulendo wa ku Nineveh kuti akasake mizere yotsala ya chigumulacho.

Taonani bwino apa. Ndalama inatuluka chifukwa cha Genesis. Gilgamesh mwini wake panalibe amene ankamufunsa. Khalidwe limeneli tikadali nalo.

Kufananako sindikukukana, ndipo amene amakukana akudzinamiza. Utnapishtim, munthu wopulumuka chigumula mu nthano ya Gilgamesh, akuchenjezedwa, akukhoma chingalawa, akuchimata phula, akulowetsa banja ndi nyama. Madzi ataphwera akutulutsa nkhunda, kenako namzeze, pomaliza khwangwala, ndipo atatuluka akupereka nsembe. Nthano ya Gilgamesh inkayendanso kutali: chidutswa chake china chinapezeka ku Megiddo, m'dziko la Israel momwe. Koma amene amaima pamenepa n'kunena kuti "ndi chimodzimodzi" amasiya mbali yokoma. Mvula ya Utnapishtim inagwa masiku 6 ndi usiku 7, osati masiku 40. Milungu yomwe inabweretsa chigumula inachita nacho mantha, n'kuthawira kumwamba, n'kudzikundikira pakhoma ngati agalu, monga phale likunenera. Nsembe itanunkhira, inaunjikana pa iyo ngati ntchentche, poti nthawi yonseyo panalibe woidyetsa. Nanga chifukwa cha chigumula? Chimamveka bwino mu nthano ina yakale kwambiri, ya Atrahasis. Mmenemo milungu yaing'ono inatopa kukumba ngalande, n'kuwotcha zida zake, ndiye anthu analengedwa kuti asenze ntchitoyo. Anthuwo anachulukana, phokoso lawo n'kumulanda tulo mulungu Enlil. Anayesa mliri, anayesa chilala ndi njala, pomaliza chigumula. Pamene Genesis akulankhula za chiwawa ndi kuipa kwa anthu, apa nkhani ndi ya bwana amene walephera kugona. Wolemba aliyense akunena zake za mulungu ndi munthu pa mafupa a nkhani yofanana, ndipo kwa ine mpamene pali zokambirana, osati pa funso la amene anabera mnzake.

Tsono pali mbali ina yomwe imandisowetsa mtendere kuposa mkangano wa Nowa. Nthano ya Gilgamesh, monga inasanjidwa pa mapale 12 cha m'ma 1200 mpaka 1100 BC, inali ndi mizere pafupifupi 3,000, ndipo gawo lalikulu ndithu, mwina limodzi mwa magawo atatu, likusowa kapena ndi lowonongeka. Womasulira ali ndi njira ziwiri. Andrew George, amene anamasulira mu 1999 kuchokera ku Chiakadi chenichenicho, chinenero cha pa mapalewo, amasiya madontho pomwe phale lagamphuka, ndipo mawu amene akungowaganizira amawaika chizindikiro. Kuwerenga kwake n'kopunthwitsa. Ena, monga Stephen Mitchell mu 2004, amene ananena yekha kuti Chiakadi sachiwerenga, amatenga zomasulira za anzawo n'kusoka nkhani yosalala. Imakoma, sindinama. Koma msoko suoneka, ndipo wowerenga sadziwa pomwe mlembi wakale walekezera ndi pomwe munthu wa masiku ano wayambira.

Chitsanzo chake ndi mayi wogulitsa mowa, Siduri. Enkidu, bwenzi la Gilgamesh, wamwalira. Gilgamesh akukana kumuika m'manda masiku 6 ndi usiku 7, mpaka mphutsi inagwa kuchokera m'mphuno mwake. Apo mpamene mantha a imfa anamugwira, n'kuyamba kuyendayenda m'tchire atavala zikopa. Atafika kwa mayiyu kumalekezero a dziko, akuuzidwa kuti moyo umene akufunawo saupeza: akhute, avine, avale zochapa, ayang'ane mwana amene wamugwira dzanja, asangalatse mkazi wake. Amene amawerenga Mlaliki 9 aona okha kufanana. Mawu amenewa ndi amene anthu amakonda kugawana, kumati nawu uthenga wa Gilgamesh. Komatu ali pa phale lakale la nthawi ya Babylon woyambirira. M'mapale 12 aja mulibe. Amene anasanja nthanoyo pambuyo pake sanawaikemo, ndipo Gilgamesh wake akubwerera kwawo chimanjamanja, njoka itamubera chomera chobwezera unyamata iye akusamba, n'kumangouza womuperekeza kuti akwere linga la Uruk aone njerwa zake. Omasulira ambiri amabwezeramo mawu a Siduri chifukwa ife timafuna chitonthozo. Si mlandu, bola atiuze kuti atero.

Za anthu amene amati Anunnaki, milungu ya m'nthano zimenezi, anali alendo ochokera ku pulaneti ina, zomwe Zecharia Sitchin anafalitsa kuyambira 1976, sinditayapo nthawi. Palibe katswiri wowerenga mapale amene amazivomereza, koma ndi zimene zimayenda kwambiri pa intaneti.

Chimene chimandichititsa kukonda womasulira wosiya madontho n'choti mipata ija nthawi zina imatsekeka yokha, ndipo chotulukamo sichikhala chomwe munthu akanapeka. Mu 2011 nyumba yosungira zakale ya ku Sulaymaniyah, kumpoto kwa Iraq, inagula mapale kwa wozembetsa katundu. Limodzi linali gawo la phale lachisanu la Gilgamesh, ndipo Farouk Al-Rawi ndi Andrew George atalisindikiza mu 2014 panaonjezereka mizere pafupifupi 20. Nkhalango ya mikungudza yomwe inkalonderedwa ndi chiphona chotchedwa Humbaba, imene ambiri ankaiona ngati malo a zii, inapezeka ili yaphokoso: mbalame, nyenje, apusi akukuwa ngati oimba a m'bwalo la mfumu. Ndipo Gilgamesh ndi Enkidu atamupha Humbaba, Enkidu akutembenukira mnzake n'kunena kuti nkhalangoyi taisandutsa bwinja, nanga Enlil tikamuyankha chiyani ku Nippur, mzinda wake?

Kwa ife amene tikudziwa zomwe zaugwera mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mzere umenewu umabaya, ndipo n'kosavuta kumusandutsa Enkidu mlangizi wa zachilengedwe. Ambiri atero kale. Ine ndimazengereza, chifukwa chimene akuopa apa ndi mkwiyo wa Enlil. Atangonena zimenezo, awiriwa akuphanso ana 7 a Humbaba, akugwetsa mtengo wautali kuposa yonse kuti apange chitseko cha kachisi wa Enlil yemweyo, n'kumanga phaka la mitengo kutsika nalo mtsinje wa Euphrates, mutu wa Humbaba uli pomwepo.