Ngati simukulima, bwezani mundawo

Loweruka m'mawa ndinapita kudimba kwanga, ku allotment, timinda tochita lendi kuno ku England, kuti ndikathyole nkhwani womaliza chisanu chisanagwe, ndidulenso kabichi ndi maungu. Mtima ukundiwawa mpaka pano. Pa kabichi 14, asanu okha ndi amene ndinabwera nawo kunyumba. Enawo zibowo zokhazokha, ukawang'amba m'kati mwadzaza nkhono zopanda chigoba zija. Chimanga chimene ndinachilera m'timiphika pawindo kuyambira Epulo, makoswe anakwera n'kuchikukuta, kundisiyira zitsononkho pa mapesi.

Musandiuze za mvula. Inde, chinyezi cha kuno chimachulukitsa nkhono, koma mvula imagwa pa minda yonse. Nanga bwanji zaonongeka kwambiri ndi mbewu za mbali imodzi, kumalire ndi munda wa bambo wina amene khasu lake silinagunde nthaka chaka chonse chino? Udzu wafika m'chiuno. Matabwa owola, makapeti akale, mulu wa zinyalala, zonse zangounjikana. Masana tizilombo timabisala kwa iwo, usiku timadzadya kwa ine. Mbatata yakachewere imene anaisiya m'nthaka chaka chatha inamera yokha, inagwidwa chiwawu, patangopita masiku tomato wanga yense anada n'kufota.

Nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Munda wosalimidwa si nkhani ya mwini wake yekha, ndi khola la makoswe a tonsefe.

Eni munda aja ndinawapeza mu Julaye, ndinawalankhula mwaulemu. Ndinati, "Bambo, mukanangotchetchako kumalire kuno." Anati atanganidwa, abwera sabata yamawa. Lero ndi Okutobala. Kutanganidwa ndani satanganidwa? Ine ndimachoka ku shifiti ya usiku, maso ali psuu, n'kukatola nkhono ndi manja. Munthu watanganidwa, chabwino, abweze munda. Ndinadikira zaka zitatu pa mndandanda ndisanapatsidwe kagawo kanga, ndipo pali ena akudikirabe, anthu okhala m'mafulati opanda ngakhale pobzala anyezi. Wina n'kumangolipira lendi ya pachaka kuti dzina lake likhalepo, uku akuweta makoswe. Kumeneko n'kudzikonda. Kwathu dimba ukaligoneka, abale amakufunsa, wina amalibwereka n'kubzalamo mpiru. Malo a chinyontho sagona chabe anthu akusowa ndiwo.

Nkhwani ameneyu si wongokongoletsa munda. M'sitolo zazikulu za kuno simumupeza. Ndimamufutsa, ndimaumitsa wina mufiriji, ndiye ndiwo zathu mpaka dzinja la kuno lithe. Ana anga akadziwa kukoma kwa nkhwani wotendera, n'chifukwa cha kamunda kameneka. Ndiye wina azindionongera chifukwa cha ulesi?

Ndipo inu amene mukuwazabe timibulu takale tophera nkhono ta metaldehyde tomwe munasunga m'mashedi, ndakuonani. Mankhwala amenewo analetsedwa kuno kuyambira pa 1 Epulo 2022 chifukwa amapha mbalame, agalu ndi tinyama tina tomwe timatithandiza kudya nkhono zomwezo. Ena ophera nkhono, a ferric phosphate, ali mbwee m'sitolo, ovomerezeka. Anthu amabwera ndi ana aang'ono kumindaku, akukwawa pansi, akutola chilichonse n'kuika m'kamwa. Mukufuna tiyambe taona chiyani kuti musiye?